Zimene Subilaga Anauza Tabuleti

Lolemba, 4 Malichi

Mvula kuyambira mbandakucha. Tukuyu ndi mvula yake, nsapato zanga zangotsala dzina.

Lero matabuleti akwanitsa masabata atatu m'kalasi langa la Fomu 1B. Matabuleti 12, ana 68. Amalowa m'magulu, aliyense mphindi khumi, mahedifoni kumutu, nkhope kukhoma. Ndimapereka mutu, iwo n'kujambula mawu awo m'Chingerezi, ine ndimamvera tikaweruka.

Ndipo akulankhula! Ana omwe aja. Anachoka kupulayimale zonse zili m'Chiswahili, kufika kuno akuti Chingerezi chokhachokha, ukangophonyetsa liwu limodzi la Chiswahili akukoleka kathabwa m'khosi, ndipo amene waweruka nako mawa lake amatchetcha udzu kubwalo. Anawo si opusa, anangotseka pakamwa. Miyezi iwiri ndakhala ndikuphunzitsa mabenchi. Koma tabuleti siseka munthu, ilibenso kathabwa. Ndinawalonjeza tsiku loyamba lija, dzanja pamtima, kuti womva ndine ndekha, palibenso wina.

Amene akundidabwitsa ndi Subilaga Mwangosi, wa kumbuyo pawindo uja. Chiyambire Januwale sindinamvepo mawu ake m'kalasi, ngakhale poitana mayina amangokweza dzanja. Koma akagwira tabuleti anzake amachita kumukoka malaya kuti nthawi yatha.

Lachiwiri, 5 Malichi

Mutu wa lero: m'mawa wanga. Ambiri zomwe zija, ndimadzuka, ndimasamba, ndimamwa tiyi, ndimapita kusukulu, basi. Theka la mphindi. Subi mphindi zinayi.

Ndamvera ndili ndekha m'chipinda cha mabuku, mvula ikugunda malata. Mphindi yoyamba ndi ya nkhungu m'munda, kutunga madzi, kusenda nthochi, bambo ake kunyamuka ndi dengu kumsana kukathyola tiyi. Chingerezi chotsimphina apa ndi apo, koma chikuyenda. Kenako anakhala chete, ndimangomva kupuma. N'kuyambanso motsitsa mawu.

Akuti anthu amawauza kuti mayi ake anapita kwawo ku Kyela. Sanapite. Ali m'chipinda chakuseri. Mutu unasokonekera chimwalirire khanda chaka chatha. M'mawa uliwonse iye amawapesa tsitsi, kuwadyetsa, n'kutseka chitseko ndi loko. Kiyi amabisa m'sokosi, ndipo tsiku lonse m'kalasi amamulasa kuphazi. Pomaliza anati, "Ndikunena m'Chingerezi chifukwa m'Chingerezi sizipweteka kwambiri. Kwathunso palibe angamve."

Ndalira, chobisa palibe. Koma ndisaname, pansi pa misoziyo panali kunyada. Mwana wanga, njira yanga, mphindi zinayi zathunthu! Ndakopera m'foni mwanga kuti ndikamverenso kunyumba. Za mayiwo sindikudziwa poyambira. Mwina ndidikire mwiniwake.

Lachinayi, 7 Malichi

Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Nthawi ya tiyi ku sitafu. Mwalimu Mwaipopo, mphunzitsi wa Chingerezi cha Fomu 3 ndi 4, mwini wake wa kathabwa (anachita kusema yekha, amakanyadira), wandiona ndikulowa.

"Madamu Tumpale wa zidole wafika! Mpatseni mpando. Nanga ana anu aja ayamba kulankhula, kapena akungosisita magalasi?"

Anthu anafa nazo kuseka.

Ine: "Mwalimu, zaka makumi awiri ndi kathabwa kanu kaja, mwatulutsa osalankhula angati?"

"Iii, mlongo wanga, mwabwera ndi moto! Ife akale timafuna umboni. Titchulireni mmodzi yekha."

"Subilaga."

"Uja? Ine ndimayesa lilime analisiya kupulayimale."

Ndinapsa mtima. Ndisanaganize n'komwe, chala chinali chitadina kale. "Onani m'foni mwanu. Mumvere koyambirira kokha."

Anaika foni kukhutu, chapati chili m'dzanja linalo. Kutafuna kunaima. "Ameneyu ndi Subilaga? Ayi, apa mwandigwira pakhosi." Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba, mpaka ndinapatsa moni mlonda kawiri.

Ndafika kunyumba, ndaphika nthochi ndi nyama, chakudya chakana kulowa.

Lachisanu, 8 Malichi

Ahedi andiitana. Ndalowa mtima uli m'mwamba, ndapeza akumwetulira mano onse panja. Lachisanu likudzali kuli msonkhano wa makolo, kubweranso bwana wa maphunziro wa kuboma ndi abungwe amene anatipatsa matabuleti. Akufuna aone ngati akuthandiza. Kenako atulutsa foni yawo, ndikumva mawu a Subi akutuluka patebulo pawo. Mwaipopo anaponya pa gulu la aphunzitsi la pa foni dzulo lomwelo, ati pondiyamikira. Ine gululo sindilowako, phokoso.

"Imeneyi tiika pa sipika, Madamu. Makolo amve okha."

"Bambo, mwamvera mpaka kumapeto?"

"Ndamva, ndamva. Katchulidwe koyera ngati wa pa wailesi. Fomu 1!"

"Kungoti anawo ndinawalonjeza kuti..."

"Kulonjeza chiyani? Kodi kuyamikira mwana n'kumulakwira? Inu mwadzipereka pano zaka ziwiri, boma silinakulembeni ntchito. Bwanayo akuoneni, adziwe dzina lanu. Kapena simukufuna?"

Ndati, "Chabwino bambo."

Ine yemweyu wobangula ku sitafu. Chabwino bambo.

Lamlungu, 10 Malichi

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Mayi anga aimba foni, akuti mawu ako akumveka ngati wadwala. Ndati chimfine.

Lolemba, 11 Malichi

Ndampeza Mwaipopo pansi pa mtengo wa mapeyala akuchonga makope.

"Mwalimu, munamvera yonse ija?"

"Mpaka pa nthochi paja. Ndinapeza zolakwa zitatu, ndinalemba penapake."

"Kumapeto kuli za kunyumba kwawo. Zosayenera kumveka."

Wavula magalasi. "Nanga osanena bwanji?"

"Ndinati koyambirira kokha!"

"Munati ndimvere koyambirira. Simunati ndisapatse munthu."

Zoona zake. Wafufuta pa gulu ine ndikuona, ndipo nthabwala zinamuthera. Koma papita masiku anayi, pa gulupo pali aphunzitsi 23. Ku sitafu ndayang'ana nkhope mmodzimmodzi. Zikuoneka kuti palibe anafika kumapeto. Ife aphunzitsi timamvera mwana pofuna pomukonza, tikapapeza timasiya kumvera. Lero lokha ndathokoza Mulungu chifukwa cha khalidwe limeneli.

Kenako kwa ahedi. Ndati kumapeto kuli nkhani za m'banja, tiike ya mwana wina, Lusekelo, ya mpira, mwiniwake wavomera mokondwa. Akuti Lusekelo amameza mawu. Ndati nanga ya Bupe. Akuti ndi yaifupi. Takokanakokana mpaka avomera kuti tiike mphindi yoyamba yokha ya Subi. "Dulani nokha munditumizire."

Masana onse ndathera kuphunzira kudula mawu pa foni. Zatheka kachitatu. Ndatumiza, ndalemba kuti yatsopano ndi imeneyi bambo, yakale ija mufufute. Ayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Mphindi imodzi. Nkhungu, madzi, nthochi. Palibe choopsa, ndikudziuza choncho. Komatu sindinawalonjeze za mphindi zitatu zomaliza zokha, ndinalonjeza zonse.

Lachitatu, 13 Malichi

Kalasi likuyaka moto. Asanu afika belu lisanalire kudzapempha tabuleti. Bupe wajambula kanayi mpaka zimukomere yekha. Wina wandifunsa kuti bondo m'Chingerezi n'chiyani, ati akufuna afotokoze bwino mmene anagwera pa njinga. Dikishonale ija inkadyedwa ndi fumbi, lero akulimbirana. Ndikanakhala ndi mtima woyera bwenzi ndikuvina.

Mutu unali msika. Subi wamaliza za tomato ndi anyezi, n'kuwonjezera pansipansi: "Madamu, zija munamva? Musandifunse m'kalasi. Ndimangofuna munthu mmodzi adziwe."

Ndavula mahedifoni, ndakhala pamenepo mpaka mlonda wabwera kudzatseka.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndamuitana Subi pa buleki kuseri kwa kalasi. Waima manja kumbuyo, maso pa nsapato zanga. Mawu ndinali nditawakonza njira yonse: Subi, ndakulakwira, mawa mawu ako amveka pa sipika, ukakana ndikaletsa. Ndatsegula pakamwa. Wadzutsa maso n'kumwetulira. Koyamba chibwerere.

Ndangoti, "Pitiriza kulimbikira."

Wagwedeza mutu, wapita.

Wamantha iwe Tumpale.

Tikuweruka ndapitanso kwa ahedi kukatsimikiza za yakale ija. Ndawapeza pakati pa mipando ndi matenti, akukalipira onyamula mabenchi. "Madamu, kangati kodi? Zili m'manja, pitani mukapume."

Lachisanu, 15 Malichi

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ukhazikika.

Mvula inakata, dzuwa lili phwee. Makolo anadzaza matenti onse awiri, ena ataima kumbuyo ndi maambulera. Ana m'mizere pabwalo. Ine anandiika ndi kalasi langa kumapeto kwenikweni, kutali ndi tebulo la alendo. Mapemphero, kwaya, malipoti, zokamba zosatha. Bambo a Subi ndinawazindikira chifukwa iye anawakwezera dzanja mobisa. Munthu wamtali wowonda, jekete lalikulu, chipewa pabondo.

Ahedi anaimirira. Anatchula dzina langa, anthu anaomba m'manja. Kenako: "Mumve mwana wanu, Subilaga Mwangosi, Fomu 1B. Miyezi iwiri yapitayo sankatha kunena ngakhale dzina lake."

Subi anali mzere wachitatu kuchokera pamene ndinaima. Ndinaona msana wake ukuuma. Sanatembenuke.

Mawu ake anadzaza bwalo lonse. Nkhungu. Madzi. Nthochi. Dengu kumsana. Ine ndikuwerenga chamumtima, yatsala pang'ono, yatsala pang'ono, ithe. Dengu linadutsa. Kunabwera kachetechete kaja, kupuma kuja. Yatsopano ilibe kupuma, ndinadula ndekha. Ahedi anali atadina yakale.

Ndinayamba kuyenda, kenako kuthamanga, kudula pakati pa mizere, matope akuthovukira. Mwaipopo anali ataimirira kale, akutambasula dzanja ku waya wa sipika. Bwana wa kuboma anamukwezera chikhatho osamuyang'ana n'komwe. "Musiyeni mwana amalize." Mwaipopo anaima dzanja lili m'malere. Inenso ndinaima, pakati pa bwalo, anthu onse akundiona. Waya anali pompo, ndikanangomuzula. Sindinamuzule.

Zinatha. Ndinadzitonthoza kuti makolo ambiri samva Chingerezi, ana a m'munsi nawonso sanatole zonse. Mwina zidutsa.

Bwana anaomba m'manja ataimirira. Akuti mwana uyu ali ndi luso lopeka nkhani, mpaka yamukhudza mtima. Ankayesa ndi nkhani yopeka! Kenako anati sibwino kuti makolo atsalire, tionenso ngati a Fomu 4 amamva. "Hedigelo ali kuti? Bwera uwauze makolo m'Chiswahili zimene mng'ono wako wanena."

Anganile, hedigelo, anapita kutsogolo. Mwana wanzeru, anamva zonse. Ananena za nkhungu, za madzi, za nthochi, n'kuima. Anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu.

Bwana: "Basi? Kapena kwinako sunamve?"

Ahedi: "Wamva, bwana. Anganile, usatichititse manyazi."

Anganile anapitiriza maso ali pansi. Kyela. Chipinda chakuseri. Khanda. Loko. Kiyi m'sokosi.

M'tenti munayamba manong'onong'o. Mayi wina pafupi nane anagwira mnzake pamkono: "Paja ndinkati kulira kuja si kwa mphaka." Mnzakeyo: "Ndiye amatiuza kuti Kyela!" Bambo a Subi anaimirira pang'onopang'ono, anavala chipewa, anadutsa pakati pa mipando osakhudza munthu, n'kutuluka pageti. Apa m'pamene bwana anayang'ana ahedi, ahedi n'kuyang'ana foni yawo.

Subi sanathawe, sanalire. Anaima mumzere mpaka nyimbo ya fuko itatha. Ana omuzungulira ankayang'ana mapazi ake, kumasokosi. Pobalalika ndinamusaka ponseponse, anali atapita.

Alendo anadya mpunga ndi nkhuku. Mayi wa kubungwe anandigwira chanza, akuti ntchito yabwino kwambiri.

Loweruka, 16 Malichi

Ndachapa zovala zonse, ndi zoyera zomwe.

Lolemba, 18 Malichi

Pawindo palibe munthu.

Ndagawa matabuleti monga mwa masiku onse. Palibe wakana, palibe wandiyang'ana. Avala mahedifoni, nkhope kukhoma, mphindi khumi aliyense. Tikuweruka ndatsegula kuti ndimvere. Yoyamba, mvula pamalata. Yachiwiri, mvula. Ya Lusekelo, amene sadziwa kutseka pakamwa, mvula ndi kutsokomola kamodzi. Ya Bupe, mvula. Ndamvera zonse mpaka yomaliza, kuyembekezera ngakhale wonditukwana. Palibe.

Ahedi akumana nane pakhonde. Akuti mafayilo awiri aja amafanana, munthu aliyense akanalakwitsa, komanso bwanji sindinawauze momveka kuti nkhaniyo inali yotere. Akuti bwana walemba dzina langa m'kabuku kake. Ndinkafuna ndikuwe. Koma ndikuwire ndani? Amene anatulutsa mawuwo m'tabuleti ndine.

Mwaipopo sananene za zidole. Wangondisunthira kapu ya tiyi, n'kundiuza njira ya kwawo kwa Subi: ukadutsa pokwezera tiyi, tchalitchi cha malata ofiira, nyumba yachitatu kumtunda.

Lachiwiri, 19 Malichi

Subi sanabwerenso. Titaweruka ndakwera njinga yamoto. Pa tchalitchi cha malata ofiira matope anakula, kwinako ndayenda pansi.

Nyumba ya njerwa zosawotcha pakati pa nthochi. Pakhonde azimayi awiri ndi Mabaibulo, atandiona anagundana zigongono. Bambo a Subi anali pa chitsa akusoka chingwe cha dengu. Ndinagwada, ndinapereka moni. Anayankha bwinobwino, mwaulemu wonse, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandithamangitsa.

"Ndinu Madamu a makina aja?"

"Ndine, bambo. Ndabwera kudzapepesa."

"Chiyambire Loweruka anthu sakutha pakhomo pano. Ena ndi mapemphero, ena kudzangosuzumira. Achimwene a mkazi wanga amva, akubwera kuchokera ku Kyela, akuti ndinkamuzunza mlongo wawo." Anakoka chingwe ndi mano. "Ine sindinamumenye mwanayu, musaope. Sindinamuletsenso sukulu. Wakana yekha."

Anamuitana. Anatulukira kuseri ndi beseni la zovala, chitenje m'chiuno, mapazi opanda kanthu. Anaika beseni pansi, n'kuima.

Ndinalankhula m'Chiswahili, pena ndikuponyamo Chinyakyusa, zonse zimene ndinalephera kunena Lachinayi. Za Mwaipopo ndi kupsa mtima kwanga, za foni, za kudula, za mantha anga kwa ahedi. Ndinati wolakwa ndine, osati Anganile, osati wina aliyense. Ndinati kusukulu kuno palibe mwana wa Fomu 1 wofika pamene wafika iye, asataye chifukwa cha uchitsiru wanga. Ndinati ndikhoza kuwaperekeza mayi kuchipatala, kuli anamwino odziwa matendawa. Ndinalankhula mpaka malovu anauma, azimayi aja atatchera khutu.

Anandidikira ndimalize. Kenako anandiyang'ana m'maso, osati pa nsapato, ndipo anayankha m'Chingerezi, mokweza, popanda mahedifoni, popanda khoma. Koyamba kulankhula Chingerezi kwa munthu wamoyo. Panalibe cholakwa ngakhale chimodzi.

"Munati mumva inu nokha."

Anatola beseni n'kubwerera kuseri.

Bambo ake anasiya kusoka. "Wati chiyani, Madamu?"

Azimayi aja nawonso anasendera kutsogolo.

Sindinawamasulire.